A Elifala Agulitsa Pijo

A Elifala Kamphandira, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito wa kufupi ndi Chisepo, anayendetsa Pijo yawo ya pikiyapu zaka khumi ndi zisanu osagundako ngakhale nkhuku. Liwiro lake linali loti nkhukuyo inkayamba yaganiza kaye isanachoke mumsewu. Galimotoyo inanyamula fodya, amayi a Chigwirizano, odwala ndi maliro, ndipo eni ake ankaipukuta Loweruka lililonse atavala tayi.

Matipate atabwera, mtima wa a Elifala unalakalaka uphungu. Anyamata a chipani, omwe anawaphunzitsa okha kugwira pensulo, sanapsatire mawu.

"Aphunzitsi, inuyo timakufunani, koma Pijo ndi ya madala. Anthu akufuna kusintha, inu n'kumabwera pa galimoto ya maliro?"

Mawuwa anawalasa. Anagulitsa Pijo kwa mwini chigayo wina, n'kukatenga ku Lilongwe kagalimoto kofiira, kogwada ngati bakha. Polowa ankachita kupinda msana, potuluka mayi Faines, akazi awo, ankawakoka dzanja. Imvi nazonso anazidetsa ndi mankhwala.

Tsiku losankha woimira chipani linafika mu Malichi, mvula ili pakati. Mwambo wake ngwodziwika: opikisana amaima kutsogolo osacheuka, anthu n'kufola kumbuyo kwa amene akumufuna. Bwalo linali kutali. M'mawa a Elifala anapeza khamu pakhomo, amayi atamanga kale zitenje, akudikira kukwera monga mwa masiku onse. Kagalimoto kanatenga anayi okha. Analonjeza kubwerera, koma padambo loyamba kanakhala pamimba m'matope, ndipo iwo anakafika kubwaloko wapansi, mankhwala akuda aja akuyenderera m'khosi.

Felton, mnyamata amene ankapikisana nawo, anali atabwereka Pijo ija kwa mwini chigayo uja. Inayenda maulendo atatu, ikukwera zitunda pang'onopang'ono monga mwa khalidwe lake, itadzaza anthu a m'mudzi mwa a Elifala momwe. Ndiye munthu ungakwere galimoto ya uyu n'kukaima kumbuyo kwa uyo? Manyazitu alipo.

A Elifala anaima njo, akumva mapazi ambirimbiri akudutsa kulowera mbali ya Felton. Zinali zomvetsa chisoni, abale, munthu wamkulu ngati amene uja. Ananong'ona osatembenuka:

"Mayi, mzere wathu wafika pati?"

"Yang'anani kutsogolo komweko, abambo," anatero mayi Faines. "Ine ndilipo."