Amene anadwazika atate

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi ulendo wochokera ku Maputo. Amuna anali atagona panja mozungulira zitsa zofuka, amayi a mpingo akuimbabe motsitsa m'nyumba momwe munali thupi la atate. Mng'ono wanga Zakariya anali ali chilili kale, akuwasonyeza adzukulu pomwe pali makasu. Ine, mwana woyamba, sindinkadziwa ngakhale pokhala mtsuko wa madzi akumwa.

Tonse awiri timagwira ntchito pa empreza imodzi, kampani ya ku Maputo, m'chinyumba chozizira chodzaza makina osunga nkhani za mabanki ndi za mafoni. Ndine ndinamupezera malowo, ndine ndinamuphunzitsa kulumikiza mawaya. Kale makina aliwonse ankafuna kuti munthu afike pomwepo ndi manja. Kenaka zinasintha, zambiri zinayamba kulamulidwa ndi programa ya pakomputadori, munthu ali kutali. Iye anaphunzira zimenezo, ine ndinati nzachibwana. Atate atadwala, abwana anamulola kubwera kumudzi ku Mualadzi ndi komputadori yake, nkumayendetsa makina ali pachulu pomwe pamagwira rede ya foni. Ine anati nditsale, poti chitsulo chikapsa programa singachizule. Ndinatsala miyezi inayi.

Dzuwa litatuluka, anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena wapansi, achibale a ku Zambia pamota. Kuseri kwa nkhokwe moto unali pamalo asanu ophikira, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha chinyezi. Aliyense ankandipatsa dzanja mwaulemu ngati mlendo, nkupitirira kukagwada kwa Zakariya. Gogo wina anafunsa mnzake kuti wa jekete uja ndi wa kwa yani. Ndinamva, ndipo zinandiwawa kuposa maliro omwe. Ndikunena poyera, njiru inandigwira.

Tinanyamuka masana, mvula ikuwaza pang'ono. Njira ya kumanda imadutsa m'chimanga, ndipo onyamula bokosi ankaterereka m'matope. Ndinakankha anthu kuti ndigwire nawo kutsogolo, ndimveko kulemera kwa atate.

Kumanda kwathu amafotokoza mmene matenda anayendera. Usiku wonse m'basi ndinali nditakonza mawu anga. Amalume anayang'ana ine, anayang'ana Zakariya, nkunena kuti alankhule amene anaona. Zakariya ananena za phala lomwe atate ankakana, za ulendo wa kuchipatala ku Chifunde, za tsiku lomwe anapempha kuti awatulutse akaone munda. Zonsezo ndinazimvera limodzi ndi anthu odutsa.

Madzulo anthu atabalalika, panyumba panangoti zii. Tinatsala awiri, ine ndi Zakariya, pakhonde, mapazi ali matope. Ndinapirira, koma ndinalephera.

"Iwe, atate sanandifunseko ine?"

"Achimwene, sabata yomaliza maso anali atasiya kuona. Ndikalowa ankati, 'Domingo, wabwera?' Tsiku lililonse, dzina lanu lokhalokha."

"Ndiye unkawauza chiyani?"

"Ndinkati, 'Ndabwera, atate.' Ankandigwira dzanja nkugona."

Ananena osandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nayenso njiru yake inali ikumudya. Miyezi inayi ankawasambitsa, iwo nkumathokoza ine. Ndinayenera kumupepesa. Koma chimene chinali mumtima mwanga nchakuti atate anandiitana kasanu ndi kawiri, ndipo dzanja lomwe anagwira silinali langa.