Dzanja la Lachinayi

Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, zomalizira ku Mitundu. Odwala odumphitsa mankhwala ndinkawadziwa akadali pakhomo, ndipo ndinkawakalipira mokwanira.

Sitiroko inandipeza nditapuma kale pa ntchito, ndikuyanika zovala. Mwendo unabwerera msanga. Dzanja lamanja linatsala chofumbata. Mng'ono wanga, mphunzitsi ku Nathenje, ananditenga kuti ndizikakhala kwake.

Mtsikana wa mafizo kuchipatala anandiikira pulogalamu m'foni. Anati ndiziimika foniyo patebulo, dzanja kutsogolo kwa kamera. Pagalasi la foni ndinkaona tebulo lathu lomwelo, dzanja langa lomwelo, ndi tomato atatu amene patebulopo panalibe. Ntchito yanga inali kutola tomatoyo n'kuika m'mbale. Mbaleyonso panalibe.

"Ili ndi nzeru zake, amayi," anatero mtsikanayo. "Imaphunzira dzanja lanu. Likamamasuka, imakuwonjezerani ntchito."

Nzeruzo inali nazodi. Ndikakweza phewa m'malo motambasula zala, mawu a mzimayi m'fonimo ankati, "Tsitsani phewa." Ndinayesa kulowetsapo dzanja lamanzere. Anati, "Lamanja, chonde." Sankakwiya, ndipo zimenezo n'zomwe zinkandipweteka.

Sabata yachitatu ndinatopa. Lachinayi masana, mng'ono wanga atangofika kuchokera kusukulu, ndinamuuza kuti akhale pampando wanga.

"Achemwali, si bwino."

"Ndinakulera ndine. Tola tomato."

Anatola onse mosavuta, choko chidakali m'zala. Foni inaimba kanyimbo komwe ine ndinali ndisanakamvepo. M'mawa mwake tomato kunalibe. Pagalasi panali nyemba zing'onozing'ono. Ndinalimbana nazo masiku asanu osatola ngakhale imodzi. Tsiku lomaliza ndinalira pang'ono. Mzimayi uja anadikira, kenako anati, "Yesaninso."

Tsiku la sikelo yanga, monga tinkalitchulira, tinakwera maminibasi awiri, kudzera mumzinda. Mtsikana wa mafizo anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali.

"Amayi, Lachinayi lapitali munachira."

"Eya."

"Dzanja lonse. Linavalanso mphete."

Ndinayang'ana khoma. Mng'ono wanga anapinda manja m'chitenje. Mtsikanayo anatenga dzanja langa, n'kulisisita chala chimodzichimodzi, kenako anadina foni n'kundibwezera tomato anga.

Ndinawatola miyezi isanu ndi iwiri. Mvula inabwera n'kupita. Magetsi akazima foni n'kutha moto, ndinkapuma ndi mtima woyera. Nyemba zinadzabweranso panthawi yake, ndipo zina ndinkatola. Zala ziwiri zakumapeto zinakana mpaka lero, koma zitatuzo zimagwira supuni ndipo zimamanga mabatani ngati palibe wondifulumizitsa.

Tsiku lina ndinapempha cholembera, n'kulemba dzina langa kuseri kwa kalendala. Linanditengera nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Mng'ono wanga anavala magalasi, analiyang'ana monga amayang'anira makope, ndipo anati ana ake a Sitandade 2 amalemba bwino kuposa pamenepo, koma likuwerengeka.