Mkamwini Woganiza M'chingerezi

Mwa akamwini onse a m'mudzi wina kufupi ndi Tsangano, Silvester yekha ndiye anali ndi mayina a ulesi wake. Anzake akatopa ankangoti atopa. Iye akakhala pachulu, dzanja lili kutsaya, kukamwa yasa, maso ali kumapiri a ku Mozambique, mkazi wake Dailes n'kumufunsa chimene akuchita, ankayankha osacheuka n'komwe kuti, "Ndili pa kontempuleshoni."

Kwawo kunali ku Manjawira. Sukulu anafika nayo Folomu 4, ndipo tisamunamizire, Chingerezi ankachitha. Anagwirapo ntchito yosesa m'sitolo ya mabuku ku Blantyre, koma anamuchotsa atamupeza atangoima ndi tsache m'manja, ogula akugogoda pakhomo. Kumeneko anabwerako ndi jekete limodzi komanso mawu ajawa, amene ankawasamala kuposa mwana wake Zione.

Ankawasiyanitsa bwinobwino. Mediteshoni inali ya m'mawa, anthu akamatsikira kudimba. Kontempuleshoni inali ya masana ndipo inkafuna mthunzi. Panalinso revari, imene ankati ndi yakuya kwambiri, moti munthu akalowamo si bwino kumuitana.

"Ife kuno timangoti kulota uli maso," anatero Dailes tsiku lina.

"Chichewa n'chosauka, mayi a Zione. Zonse chimangothira m'thumba limodzi."

"Thumba lakelo inu munalinyamulapo liti?"

Banjalo linkadalira dimba la kachewere, lothiriridwa ndi madzi a m'ngalande yochokera kumtsinje. Madziwo anthu amagawana. Banja lililonse lili ndi tsiku lake, ndipo ukaphonya umadikira mpaka onse atathirira. Ntchito yake si yovuta: umatsegula mzere ndi khasu, madzi akafika kumapeto umatseka ndi chibuma, n'kutsegula mzere wina. Imangofuna munthu amene maso ake ali pamene pali thupi lake.

Goliati, mchimwene wa Dailes amenenso anali nkhoswe yake, anali atanena kale. "Alamu, malo ano ndi a mlongo wanga. Inu tinakulandirani kuti muzigwira khasu. Dimba likalephereka chaka chino, muzikaganizira ku Manjawira."

Silvester anagwedeza mutu. Sitikudziwa ngati anamva.

Tsiku lawo la madzi litafika, Zione anadzuka thupi likutentha, ndipo Dailes anayenera kupita naye kuchipatala. Asananyamuke anamutenga mwamunayo mpaka kudimba, anamugwiritsa khasu m'manja, anamutsegulira yekha mzere woyamba. Kachewere anali atangomera kumene, masamba akufota ndi dzuwa.

"Lero lokha, bambo a Zione. Kutsegula, kutseka. Za Chingerezizo mukachite mawa."

"Pitani, musade nkhawa."

Pobwerera madzulo, mwana ali kumbuyo, Dailes anaona matope m'njira asanaone dimbalo. Madzi anali atayenda mumzere umodzi womwewo tsiku lonse. Anakumba chigwembe, anagumula mizere ya m'munsi, mbewu zinali mbwee m'matope mpaka m'malire a eni ake. Kumtunda konse kunali gwa, osalawa dontho. Woyandikana nawo anali atabwera kale kudzapatutsa madzi, poti tsiku la a Dailes linali litatha ndipo nthawi inali yake.

Silvester anali pamutu pa mzere, mapazi ali m'matope, khasu litagona pambali.

"Ndimayang'ana mmene madzi amayendera," anatero. "Mukudziwa, mayi a Zione, moyo wa munthu..."

"Imeneyi ndiye iti? Ya m'mawa kapena ya masana?"

Anaganiza kaye, pofuna kuti asalakwitse. "Revari."

Dailes sanakalipe. Anamuyang'ana mmene umayang'anira nkhuku imene yakhalira miyala m'malo mwa mazira, anatola khasu n'kupita kwa mchimwene wake.

Ankhoswe a mbali zonse atakumana, Dailes anafotokoza mwachidule. Kenaka ankhoswewo anafunsa Silvester kuti anene mbali yake. Munthuyo anali atapenyetsetsa nyerere zimene zinkakoka chiwala pafupi ndi nsapato yake. Nkhoswe yake yomwe inamuitana kawiri, manyazi ataigwira.

"Musiyeni," anatero Goliati. "Akuti akalowamo si bwino kumuitana."

Nkhani inathera pomwepo. Anamuperekeza kusiteji ndi chikwama ndi jekete lija, ndipo Goliati anachita kumukweza yekha mugalimoto, poopa kuti ingamusiye ali chiimire.

Akuti ku Manjawira anapeza mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, ndipo ntchito yoganiza ija ikupitirira. Dailes anabzalanso ndi mbewu yopempha. Chulu chija anachigumula, dothi lake anakawaza m'dimba, ndipo kachewere wa pamenepo anachita bwino. Dailes amati m'zaka zonse za banja lake, chimenecho chokha ndicho chinatuluka pamalo pamene pankakhala mwamunayo.