Tsiku limene ndinakwapula achimwene anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Sitandade 7, pamene ndinakwapula achimwene anga a Yusufu pamaso pa kalasi yonse. Anali ondiposa ndi zaka zitatu, koma tinali kalasi imodzi chifukwa nyengo ya usodzi ikafika ankajomba, n'kumabwereza. Chaka chimenecho bambo anali atanenetsa kuti ndi chomaliza: akalephera, kapena akapalamula, sukulu yathera pomwepo, akwere bwato la amalume kupita kukasodza ku chilumba cha Mbenji. Achimwene sankafuna kumva zimenezo. Mtima wawo unali pa thirakitala ya ku sikimu ya mpunga ku Lifuwu, ndipo anamva kuti kumeneko salemba munthu wopanda setifiketi ya Sitandade 8.

Sukulu yathu inali yofolera udzu, mchenga mpaka m'kalasi, ndipo mwera ukaomba tinkaphunzira ndi fungo la usipa woyanikidwa pathandala. Aphunzitsi a Chingerezi tinkawatcha a Namondwe, kumbali ndithu. Analinso mlembi wa chipani m'dera lathu, m'masiku aja a chipani chimodzi, choncho panalibe kholo limene likanayerekeza kukawafunsa za mabala a mwana wake. Ukafika kunyumba uli ndi mikwingwirima, amayi ankangotenthetsa madzi n'kukuthowa, pakamwa ali tseke.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kotere. Lolemba ankalemba pabolodi mawu makumi awiri a Chingerezi, ife n'kukopera. Lachisanu m'mawa, ana achisilamu tisanaweruke kupita ku mzikiti, ankatindandalika kukhoma n'kumatchula liwu limodzi limodzi kuti tinene tanthauzo lake. Ukalephera, funso linkapita kwa mnzako woyandikana naye. Amene wakhoza ndiye ankapatsidwa ndodo ya bwemba, yogona m'madzi, kuti akwapule wolepherayo kasanu. Eni ake sankadzivutitsa, ankangokhala pa tebulo n'kumawerenga zikotizo. Ankati mawu olowera pakhungu satuluka.

Ndisanamepo, ine Lachisanu ndinkalikonda. Mutu wanga unkagwira mawu ngati ulimbo, ndipo chiyambire chaka ndodo ija inali isanandikhudzepo. Ndinakwapula anyamata a ndevu zawo, ndinakwapula atsikana amene ankandiseka kufupika. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, kamtsikana kosakwana n'komwe pa zenera. Matama anandikwana, wallahi.

Koma ana tinali ndi lamulo lathu limene aphunzitsi sankalidziwa. M'bale wako akalephera funso n'kugwera iwe, nawenso unkalephera dala. Bola mukwapulidwe nonse ndi munthu wapadera, kusiyana n'kuti wamng'ono akweze dzanja pa mkulu wake. Aliyense ankalidziwa lamuloli, inenso ndinkalidziwa bwino lomwe.

Lachinayi la sabata imene ndikunenayi, achimwene akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndinawafunsa mawu onse makumi awiri ndipo anakhoza onse. Sanali mbuli ayi. Munthu wodziwa dzina la nsomba iliyonse m'nyanja ndi mphepo iliyonse isanafike angakhale mbuli? Vuto lawo linali loti a Namondwe akangowayang'ana, lilime linkauma.

Kutacha tinandanda kukhoma. Tsiku limenelo aphunzitsi anatisakaniza okha, ndipo anandiimika pafupi ndi achimwene. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anachita dala. Anthu anayi anali atalira kale pamene funso linafika pa iwo.

"Yusufu! *Paddle*."

Nkhafi! Chinthu chimene anachigwira kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chimene chinawaumitsa zikhatho. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, thukuta likutsika m'khosi. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi. Palibe chinatuluka.

"Wotsatira. Mariamu."

Ndikanangoweramitsa mutu. Kalasi yonse inkadikira kuti nditero. Koma ndinayang'ana ndodo ija ikudontha madzi, ndinaganiza za mbiri yanga yosakwapulidwa, pakamwa panga n'kutseguka pokha.

"Nkhafi, sala."

Mtsikana wina kumbuyo anati, "Iii, Mariamu!" motsitsa mawu. A Namondwe anamwetulira n'kundipatsa ndodo.

Achimwene anagwira khoma n'kundipatsa msana. Malaya awo a yunifolomu anali ong'ambika paphewa, ndipo ndinali ine amene ndinawasoka. Ndinakweza ndodo n'kuigwetsa pang'onopang'ono, ngati ndikuthamangitsa ntchentche.

"Ukumusisita?" anatero aphunzitsi, akutsika pa tebulo. "Bwera ndikuonetse mmene timachitira."

Anandilanda ndodo, n'kundikwapula kumbuyo kwa miyendo. Mayo ine! Sindinkadziwa kuti bwemba amaluma choncho. Chachiwiri chinagwera pomwepo, khungu n'kung'ambika. Chachitatu ndinagwada mumchenga, mkodzo n'kutuluka pang'ono, anzanga akuona. Anandidzutsa ndi khutu n'kundibwezera ndodo m'manja.

"Yambiranso. Ukanyengerera, ndikuonetsanso."

Achimwene anatembenuza mutu pang'ono. "Menya, Mariamu," ananong'ona. "Menya zenizeni, asakupwetekenso."

Ndinamenya. Ndipo apa ndi pamene pamandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa sindinamenye ndi mantha okha. Ndinamenya ndi ukali. Ndinawakwiyira kuti alephera liwu lophweka, kuti andichititsa kukwapulidwa, kuti andinyozetsa. Ndinagwira ndodo ndi manja awiri. Chachitatu chinatsegula pomwe ndinasoka paja, chachinayi chinasiya mzere wa magazi pa malaya. Chachisanu ndinaphonya msana, nsonga ya ndodo n'kuwang'amba khutu. Magazi anatsikira m'kolala. Sanalire, sanagwedezeke n'komwe.

Zikanathera pomwepo, bwenzi Lolemba tonse tili m'kalasi. Koma ine, nditaona magazi aja, ndinaponya ndodo pansi n'kuyamba kulira mokuwa. A Namondwe anaitola.

"Ndani wakuuza kuti utaye ndodo yanga?"

Anaikweza kuti andimenye kumutu. Sinafike. Achimwene anaigwira m'mwamba ndi dzanja limodzi, dzanja lokoka makoka, n'kuithyola pabondo. Aphunzitsi anawawomba mbama, kenaka chibakera pakamwa. Achimwene anawakankha kamodzi kokha pachifuwa, bambo wamkulu uja n'kukagwera pa tebulo, choko ndi mabuku mbwee pansi. Ana anathawira pazenera, ena akukuwa, ena akuseka chifukwa cha mantha.

Madzulo ake a hedimasitala anatumiza kalata yowachotsa sukulu. Kunamvekanso mphekesera yoti mnyamata wokankha mlembi wa chipani wanyoza boma, ndipo mawu amenewo masiku amenewo ankasowetsa munthu. Bambo sanadikire kuti aone ngati n'zoona. Anawamenya achimwene ndi chingwe cha bwato kuseri kwa nyumba, mokweza kuti anthu oyandikana nafe amve kuti mwana walangidwa, kenaka m'mawa mwake anawakweza bwato la amalume. Ku Mbenji sikupita akazi, choncho sindikanatha kuwatsatira n'kukapepesa. Ndinaima pagombe miyendo itatupa, iwo osacheuka.

Ine ndinapitirira. Ndinakhoza mayeso, ndinapita ku sekondale, ndipo ndinadzakhala mphunzitsi wa Chingerezi chomwecho mpaka kupuma. Achimwene anakalambira m'madzi. Nkhani ija sitinaikambepo kwa zaka zambirimbiri, ngakhale pa maliro a bambo.

Chaka chathachi maso awo anayamba kuchita khungu, ndipo ndinawaperekeza kuchipatala ku Salima. Anatipatsa pepala la malangizo lolembedwa m'Chingerezi. Tili pa benchi panja, achimwene anandipatsa pepalalo kuti ndiwawerengere, ndipo ndikuwamasulira ndinalekezera pakati.

"Achimwene," ndinatero, "tsiku lija ndinakulakwirani."

Anapinda chipewa chawo m'manja.

"Zikoti zija sizinandipweteke, chemwali," anatero. "Ndinakuuza ndekha kuti umenye. Koma ukanangokhala chete pa funso paja, tikanakwapulidwa tonse awiri, Lolemba n'kubwereranso tonse awiri."

Sanakalipe. Ananena ngati akunena za nyengo, kenaka anandiuza kuti ndipitirize kuwerenga.

Kwa zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti wolakwa anali a Namondwe, ndipo n'zoona, anali munthu wankhanza. Pa ntchito yanga yonse sindinagwirepo ndodo, ndipo ana a m'kalasi mwanga mawu ankawaphunzira powagwiritsa ntchito, osati powaopa. Koma pa benchi paja ndinazindikira kuti nkhanza za munthu uja sizikanayenda popanda mwana wofuna kuoneka wanzeru kuposa anzake, ndipo mwana ameneyo ndinali ine. Ndinkadziwa mawu makumi awiri sabata iliyonse, koma sindinkadziwa nthawi yotseka pakamwa. Sukulu ya achimwene inathera pa yankho langa lokhoza.