Nsapato yanga m'munda wa fodya

Gulu lathu lothamanga linali ndi lamulo limodzi: ukayamba suima mpaka ukafike pomwe tasiya galimoto. Woima ndi wothyoka mwendo yekha. Anakhazikitsa lamuloli ndi mkulu wa gululo, mphunzitsi wa ku sekondale, mwana wa abusa, munthu wosalekana ndi wezulo pakhosi. Tinalipo khumi ndi awiri, tonse a pa Mponela: aphunzitsi, anamwino awiri, a ku banki, ndi ine wa mu ofesi yogula mbewu. Loweruka lililonse m'mawa tinkakwera galimoto kulowera kumapiri a njira ya ku Ntchisi, kukathamanga m'tinjira ta m'minda.

Anzangawo ankalikonda dzinja. Kukagwa mvumbi ndiye ankasangalala ngati ana, kujambulana miyendo yamatope, kupikisana kuti wada kwambiri ndani. Ndinkaseka nawo koma mumtima ndinkawanyoza, chifukwa ine matope ndinakulira momwemo ndipo panalibe wondijambula. Bambo anga ndi tenanti. Anachoka ku Phalombe ine ndisanabadwe, ndipo moyo wawo wonse alima fodya wa eni ake, chaka chino esiteti iyi, chaka chinacho ina. Anzangawo sankadziwa zimenezi. Atandifunsa za kwathu ndinangoti timalima fodya, iwo n'kuganiza kuti esitetiyo ndi yathu. Ndinawasiya aganize choncho, ndipo zinkandikomera.

Loweruka lina mu Febuluwale mkulu uja anati wapeza njira yatsopano. Galimoto itakhota pa mjigo wina, ndinazindikira komwe tinkalowera. Esiteti yomwe bambo ankalimako chaka chimenecho inali kuseri kwa phiri lomwe tinkati tikwerelo. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kanjirako kamatsikira kudambo, kutali ndi nyumba za matenanti.

Mvula inatipeza tili pakati pa chitunda. Dothi lofiira lija linkamatirira ku nsapato mpaka phazi kulemera ngati wamangirira njerwa, ndipo potsika tinkangoseseleka, ena ndi matako. Kuseka kunali kosasimbika. Titafika kudambo tinapeza madzi atasefukira, mitengo yowolokerapo itapita. Mkulu uja sanaganize kawiri. Analiza wezulo n'kuloza kumanja.

"Tidulire m'munda umu! Osaima!"

Mwana wa tenanti aliyense amadziwa kuti m'munda wa fodya sudutsa mopingasa. Umatsata pakati pa mizere, manja utawapanikiza pathupi kuti usakhudze tsamba, pakuti tsamba limenelo ndiye chaka chonse cha munthu. Ife tinalowa mopingasa, anthu khumi ndi awiri, kugumula mizere yofewa ndi mvula, masamba akuthyoka m'mawondo mwathu. Ndinkamva kuthyoka kulikonse. Ndikanakuwa kuti tibwerere, koma akanandifunsa kuti ndikudziwa bwanji, choncho ndinangopitiriza kuthamanga.

Kutsogolo kunali munthu atawerama ndi khasu, atavala thumba la feteleza lobowola pamutu, akukweza mizere yomwe madzi anakokolola. Ndinawadziwa ndi msana ndisanaone nkhope. Anali bambo.

"Madala, kumsewu n'kuti?" anakuwa mkulu uja, wopanda ndi moni womwe.

Bambo anaweramuka, anayang'ana mizere yomwe tinapondayo, kenako analoza ndi dzanja. Gulu linadutsa. Ine ndinakokera chipewa kumaso n'kuwonjezera liwiro, ndipo pomwepo, mapazi ochepa kuchokera pomwe anaima, mwendo wanga unatitimira. Nditakoka, phazi linatuluka ndi sokosi yokha.

Ndinaima ndi mwendo umodzi. Bambo anafika pafupi n'kundiyang'ana. Kwathu mwana akapeza kholo lake kumunda amanjuta, kupereka moni, kenako kulandira khasu ngakhale kwa mzere umodzi wokha. Iwo anadikira zimenezo, ndinaona kuti akudikira. Kumbuyo kwanga kunali mmodzi wa anamwino aja, akuseka, foni ili m'manja. Ine ndinayang'ana wotchi.

Bambo anaika khasu pansi. Anapisa dzanja m'matope mpaka m'chigongono, anazula nsapato ija, anaitsuka m'madzi oyenda pakati pa mizere, anaipukuta ndi thumba lomwe anavalalo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Nayi nsapato yanu, bwana. Kuno kumaterera."

"Zikomo, madala," ndinatero.

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu, palibe anandikakamiza. Ndinavala nsapato n'kuthamangira anzanga. Masana a tsiku lomwelo chithunzi chinafika pagulu lathu la pafoni: bambo anga atawerama pang'ono, nsapato ili m'manja, pansi pake namwino uja atalemba kuti anthu a kumudzi ndi aulemu bwanji. Onse anachikonda. Miyezi ingapo ndinawakwiyira anthu amenewo, wezulo wawo, mafoni awo, kusadziwa kwawo kuti tsamba la fodya ndi chiyani. Mpaka lero ndikamva wezulo mtima umandiwawa. Koma iwo anaponda munda wa munthu wosamudziwa. Amene ankamudziwa ndinali ine.

M'mawa mwake, titaweruka ku tchalitchi, ndinakwera njinga yamoto kupita ku esiteti kuja nditanyamula thumba la shuga ndi sopo. Mayi analandira thumbalo osandiyang'ana kumaso. Bambo ndinawapeza m'chigafa akusoka masamba omwe tinathyola aja, osakhwima, ongong'ambika, oti sangapite kulikonse. Atandiona anapukuta manja n'kulowa m'nyumba.

M'nyumba mwathu muli mpando umodzi, wathabwa. Umatulutsidwa akabwera akapitawo kapena akulu a mpingo. Ine chibadwire ndinali ndisanaukhalepo. Malo anga anali pakhonde, pafupi ndi bambo, miyendo italendewera. Tsiku limenelo anautulutsa, anaupukuta, n'kuuika patsogolo panga.

"Khalani apa. Pakhondepo mungade."

"Bambo, za dzulo zija..."

"Alendo aja anakafika bwino kumsewu?"

Ndinati anakafika. Anagwedeza mutu n'kukakhala pakhonde okha. Ndinapepesa tsiku limenelo, ndinapepesanso ulendo wotsatira, iwo ankangoti palibe mlandu, n'kuyamba kukamba za mvula.

Kuthamanga ndinasiya mwezi womwewo. Anzanga ankaganiza kuti ndi bondo, ndipo ndinawasiyanso aganize choncho. Papita madzinja atatu. Bambo anasamukira ku esiteti ina cha ku Bowe, katundu yense pa ngolo imodzi, mpando uja uli pamwamba. Ndimapitako mwezi ndi mwezi, ndipo ndimayesa kufika mwakachetechete kuti ndikhale pakhonde asanandione. Akandipeza pamenepo sakhala pansi. Amaimirira, mpando uli m'manja, mpaka ine nditadzuka.