Ku Zanzibar ndi Apongozi Anga

Tidanyamuka pa Kasina kusanache bwino, chifunga chili mbuu, ine ndi apongozi anga aakazi, aNangozo. Amene adatiperekeza kumsewu ankaseka chobisa, ndipo sindikuwanena. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Chikwatirire mwana wawo, zaka zonsezi ndili pakhomo pawo, ndidali ndisanadyepo iwo akundiona. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, moni n'kuperekera chapatali nditanyonyomala. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mwana wanga Tadala, ngakhale ine ndili poteropo ndikumva zonse. Ndiye anthu awiri otere n'kuwagulira mipando yogundana m'basi ya ku Dar es Salaam.

Chidatinyamula ndi maso awo. Adokotala adanena mosapsatira kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Kuona kuzingochepa, kuyambira m'mbali, mpaka kudzangoti bii. Mlamu wanga Dominiko, amene amakonza magalimoto ku Dar, atamva adati amayi ake apite akaone nyanja yamchere ndi mzinda wakale wa Zanzibar maso akadalipo. Woyenera kuwaperekeza adali mkazi wanga, koma adali woyembekezera, masiku atayandikira. Wina wokhala ndi pasipoti pabanjapo ndidali ine ndekha, amene ndidaitenga kale ndikulota za ku Joni. Pondilongedzera chikwama mkazi wanga adangoti, "Chimene mukupitira n'chakuti amayi akaone. Akakabwera osaona, basi, sadzaonanso."

Minibasi ya ku Lilongwe siidavute, poti iwo adakhala kutsogolo ine kumbuyo kwenikweni, mawondo ali pachibwano. Nkhondo idayamba m'basi yaikulu. Ndidachonderera mayi wina wa ku Mchesi, wopita kukaoda zitenje, kuti tisinthane mipando. Adavomera, osadziwa kuti walandira ntchito yopanda malipiro.

Tisanafike n'komwe pa Lumbadzi ndidamugwira paphewa. "Pepani mayi, tawafunsani amayiwo ngati akufuna madzi."

Adatiyang'ana tonse awiri. "Kodi mwayambana?"

"Ayi, ndi apongozi anga."

"Ndiye mpaka ku Dar zizikhala chonchi?" adatero, n'kuuza basi yonse. Kuyambira pamenepo dzina langa lidali "akamwini", mpaka kwa kondakitala.

Chidandisautsa kwambiri ndi kudya. Basi ikaima, monga pa Jenda, anzanga ankagulira pazenera n'kumadya mtima uli m'malo. Ine ndinkatsika, kuthamangira kuseri kwa basi, n'kumameza tchipisi chamoto osatafuna, dalaivala akuliza hutala. ANangozo nawo ankadzifunda chitenje kumutu kuti adye nkhuku yawo ya kamba. Mzuzu, zitunda za Chiweta, Karonga, zonsezi ndidadutsa ndi m'mimba mukulira. Pamene tinkafika pachipata cha Songwe m'mawa mwake, mapazi adali atatupa moti nsapato ndidazivala ngati masilipasi. Pamzere wodinditsa mapasipoti tidaima mpaka dzuwa litatentha. Tsidya linalo ndidagula tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira pa mashilingi zikwi zitatu, n'kukadyera kuseri kwa thiraki.

Tanzania ndi dziko losatha. Ukagona ukadzuka, ukadali m'Tanzania, ndipo kondakitala akuti Dar ndi pafupi. Msewu umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Mikumi, ndipo kumeneko tidapeza anyamalikiti ataima m'mbali mwa msewu, makosi ali m'mwamba. Anthu adathamangira kumazenera. Mthenga wathu wa ku Mchesi adali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Pamene ndinkamudzutsa kuti awauze amayi ayang'ane kumanzere, nyama zidali zitatsala kumbuyo. "Auzeni kuti ndaona," adatero aNangozo, ndipo ine ndidakhulupirira.

Ku Dar tidafika titatheratu. Kutentha kwake munthu wa ku Dedza sangakufotokoze, mumasamba thukuta mutangotuluka kumene m'bafa. Dominiko adatilandira bwino, koma za ku Zanzibar adati abwana ake amukaniza tchuthi. Adatigulira matikiti a sitima yapamadzi, n'kutiperekeza padoko m'mamawa. Mayi wa zitenje adali atalowera kwake. Tidatsala awiri, opanda wotuma. M'sitimamo ndidakhala mizere ingapo kumbuyo kwawo, nditagwira kathumba kosanziramo, ndikudzifunsa chimene ndidalakwira Mulungu.

Padoko la Zanzibar tidagwirizana ndi wotionetsa malo, bambo wowonda wa kofia yoyera, dzina lake Hamisi. Iye amayankhula Chiswahili ndi Chingerezi, ine Chingerezi changa ndi cha Fomu 2, aNangozo Chichewa chokha. Tidandondozana motere: Hamisi patsogolo, aNangozo pakati, ine kumbuyo patali ndithu, monga mwa ulemu. Hamisi akafotokoza, ine ndinkatembenukira kukhoma n'kumasulira ngati ndikuuza mphepo.

"Akuti linga ili adamanga Aluya kalekale, ndi miyala ya m'nyanja."

Iwo ankayankhanso mphepo yomweyo. "Auzeni kuti ndaona."

Tinjira ta mumzinda wakalewo n'topanikizika, nyumba zazitali uku ndi uku, njinga zamoto zikungotulukira paliponse. Zikalira hutala, aNangozo ankadziphatika kukhoma n'kudikira mpaka phokoso litatha. Tidaona nyumba za mafumu a Aluya, mizikiti, makonde amatabwa olendewera pamwamba pa mitu yathu. Kulikonse yankho lidali lomwelo, ndaona, ndaona. Hamisi adandifunsa chapansipansi ngati mayiwa ndi ine tili pa mlandu.

Dzuwa lili paliwombo tidaima pa chitseko china chachikulu, chosemedwa maluwa ndi nsomba, chokhomedwa misomali yamkuwa yonga zibakera. Ine ntchito yanga ndi ya macheka, ndimacheka paini paphiri la Dedza, ndiye thabwa ngati limenelo lidandiiwalitsa kutopa. Nditakhuta kuliyang'ana ndidacheuka. ANangozo adali atayang'ana kumbali, kukhoma lopanda kanthu kumene kunkatsika paipi ya madzi a mvula, akugwedeza mutu. "Chokongoladi," ankatero. "Anthu akale adali ndi luso."

Ndidazindikira kuti "ndaona" yense uja adali wongotipeputsira ntchito. Koma apongozi ako ungawauze bwanji kuti akuyamikira paipi? Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Tidangopitirira.

Malo otsiriza adali pamsika wakale wa akapolo, pamene tsopano pali tchalitchi chachikulu. Pambali pake pali tizipinda tapansi tomwe Hamisi adati ankasungiramo anthu podikira tsiku la msika. Umatsika masitepe kuchoka padzuwa lowala kulowa mumdima, ndipo denga lake n'lalifupi. Hamisi adachenjeza m'Chingerezi kuti tiwerame. Ine ndidali ndikadali pamwamba pa masitepe, ndikusunga mtunda wanga uja. Ndisanatsegule pakamwa ndidangomva kuti gu! ANangozo adagunda mphumi pamtanda wa denga, n'kukhala pansi pang'onopang'ono pa chiguwa chamwala. Hamisi adathamanga kukafuna madzi ozizira.

Kenaka ndidamva mawu amene ndidali ndisanawamvepo akulunjika kwa ine.

"A bambo a Tadala."

"Wawa."

"Muno muli chiyani?"

Ndidayamba kuyankha khoma monga mwa nthawi zonse, koma adandidula.

"Khomalo lamva zambiri lero. Ndikufunsa inu. Ine sindikuona kanthu. Panja ndimaona pang'ono pokha, ngati munthu wosuzumira m'bango. Chinthu chikhale pakabowo pomwepo, apo ayi palibe. Chichokereni kumudzi ndikungovomera kuti ndisakutopetseni." Adapuma, dzanja lili pamphumi. "Ulemu wanuwo ndaulandira zaka zonsezi, ndipo ndikuthokoza. Koma anthu akakandifunsa zimene ndaona ku Zanzibar, sindikawauza za ulemu. Tabwerani kuno."

Ndidachita manyazi, ndidachitanso chisoni, koma chachikulu adali mantha. Masitepe ochepa amenewo adanditalikira kuposa msewu wa Tanzania. Ndidakhala pambali pawo, n'kugwira dzanja lawo, lolimba ndi khasu la m'dimba la mbatata. Ndidaligunditsa pamwala wozizira, kenaka pa unyolo umene adausiya pamenepo kuti alendo aziona. Adauyeza kulemera kwake. Ndidawagwira m'mapewa n'kuwatembenuza pang'onopang'ono mpaka nkhope idalunjika pa kazenera kopyapyala ka m'khoma.

"Apo," adatero. "Ndakapeza. Mpweya wa anthu onsewo unkalowera apa?"

"Akuti ndi pomwepo. Akutinso ambiri adali ochokera kwathu konkuno, ankawatchula kuti Anyasa."

"Ife tadandaula basi ya mipando yofewa," adatero chapansipansi. "Iwo adayenda ndi mapazi." Adachita chizindikiro cha mtanda, kenaka Hamisi adabwera ndi botolo.

Titatuluka ndidamuuza Hamisi kuti tiyambirenso ulendo wonse. Adandiyang'ana ngati ndapenga, adatchula mtengo wina, ndipo ndidavomera. Miyendo yanga idali italira kale, koma walira mvula walira matope. Ulendo wachiwiriwu udali wochedwa kwambiri. Tikafika pamalo, ndinkawabweza chambuyo mpaka chinthucho chikwane m'kabowo kawo, kenaka ndinkaloza ndi mkono wawo womwe, iwo n'kumatsatira chala. Adaona nsanja ya tchalitchi. Adaona ziboliboli za anthu oimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi, ndipo pamenepo adakhalitsa. Lingalo adati n'lofanana ndi khola la munthu wa ng'ombe zambiri.

Pachitseko chija tidachita kutsamira nyumba ya tsidya lina kuti achione chonse. Kenaka adapita kukachisisita, duwa lililonse, msomali uliwonse.

"Misomali yonseyi ya chiyani?"

"Akuti mwambowu udachokera ku India, n'zoopsezera njovu kuti zisathyole chitseko."

"Njovu m'tinjira timeneti? Muno ng'ombe yomwe ikhoza kukanirira. Auzeni kuti asatinamize."

Ndidamasulira, ndipo Hamisi adaseka koyamba tsiku limenelo.

Dzuwa litapendeka tidakhala pabenchi pafupi ndi doko, tikudikira sitima yobwerera. Ndidagula kanyenya wotunga patimitengo ndi madzi a nzimbe, ndidawapatsa gawo lawo, ine n'kunyamuka kuti ndikafune poduka mphepo.

"Mukupita kuti?"

"Ndikadyere apo."

"Khalani pansi mudye. Mukuopa maso ake ati?"

Ndidakhala. Nyama idavuta kutsika, koma idatsika. Titamaliza adapukuta manja pachitenje, n'kunena kuti patsala chinthu chimodzi chimene sanaone. Ndidayamba kuyang'ana uku ndi uku, mtima uli pa miyendo yanga, kuti kodi ndi nyumba iti imene tadumpha.

"Taimani apo. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Basi. Dzutsani mutu." Adasuntha nkhope yawo mpaka adandipeza. "Zaka zonsezi ndimadziwa nkhongo yanu yokha, mukuthawira kutchire. Adzukulu anga ndimangomva kuti afanana ndi bambo awo."

Ndidaima pamenepo ngati mwana wa sukulu pamzere, anthu akundilambalala ndi zikwama. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Hmm," adatero. "Mwana wanga adasankha ndi mtima, osati ndi maso. Koma ndakuonani."

Ndidaseka, ndipo ndili mkati moseka ndidazindikira kuti ndikulira.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri, msewu udali womwewo ndi kutupa mapazi komweko, kungoti tidakhala mipando yogundana ndipo ndidadya bwino. Pa Kasina tidatsika masana, abale atadzaza pamsewu. Ndidawatsitsa nditawagwira mkono. Atsibweni a mkazi wanga adayang'ana kumbali, amayi ena adagwira pakamwa, koma aNangozo adali atayamba kale kufotokoza za chitseko, manja ali m'mwamba. Mkazi wanga, khanda lili m'manja, adandifunsa monong'ona ngati aonadi. Ndidati aona theka, theka lina lidapita ndi ulemu wanga, ndipo limenelo limandiwawa mpaka lero.

Maso awo adatsekeratu chimanga chisanache. Lamulungu lililonse ndine ndimawatsogolera ku misa, ndipo amene ankatiseka adatopa okha.