Tinkabetcha Nandolo

Sendezani mipando kuno, inu amene mukufuna kumva. Moto wa nkhuni kulibe kuno, tili ndi chitsulo chofunda ichi cha pakhoma, koma nkhani sisankha pootha. Khalani pafupi ndithu, mawu anga anachepa chifukwa chosowa wolankhula naye.

Ndinabwera ku Leicester kudzalera zidzukulu. Mwana wanga wamkazi ndi namwino, amagwira mashifiti, ndipo mwamuna wake amayendetsa galimoto za katundu. Ana ali aang'ono ntchito ndinali nayo: kubereka, kusambitsa, kuimbira. Atakula, ntchito inandithera m'manja. Ankabwera kuchokera kusukulu ndi makiyi awoawo, kundikwezera dzanja, n'kukwera masitepe. Ndikawafunsa m'Chichewa ankamva ndithu, koma ankayankha m'Chingerezi, ine n'kumangogwedeza mutu. Sukulu sindinaipondeko ine. Zilembo ndimaziona ngati mapazi a nkhuku pamatope.

Nyumba za ku Spinney Hill, dera limene timakhala, n'zogundizana ngati mano. Ndinkamva munthu akutsokomola kuseri kwa khoma, koma nkhope yake osaidziwa. Panali masiku amene mawu anga oyamba ndinkawatulutsa dzuwa litalowa kale.

Tsiku lina ndili m'kasitolo ka ndiwo pakona, ndinkasankha therere uku ndikudandaula ndekha kuti therere lanji lokhwima ngati nsungwi. Kumbuyo kwanga kunamveka mawu.

"Thyola kunsonga, iwe. Likathyoka ndiye lanthete."

Nditacheuka ndinaona mayi wachimwenye, wokalamba kuposa ine, atafunda mpango kumutu, ndodo m'manja. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwini mawuwo. Panalibe wina, anali iwowo. Anabadwira ku Limbe, anakulira m'sitolo ya bambo awo, ndipo Chichewa chawo chinali cha pakauntala, chija chonena iwe kwa aliyense. Ndinawauza kuti kwathu munthu wa imvi sitimutchula iwe. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kutsokomolako ndinakuzindikira. Kunali kuja kwa kuseri kwa khoma. Kuyambira tsiku limenelo tinkaitanana achemwali.

Ankakhala okha, amuna awo anamwalira kalekale. Madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, ankagogoda khoma ndi ndodo, ine n'kuvala masilipasi kupita. Pa wailesi ya kanema pankakhala mpikisano wa mafunso umene iwo sankauphonya. Ndi iwo anandimasulira mmene umayendera. Anthu atatu amaima kuseri kwa timatebulo. Patsogolo pawo pali bolodi lalikulu logawidwa timabokosi. Mafunso a pamwamba ndi ofewa ndipo mapointi ake ndi ochepa. Ukamatsikira m'munsi mafunso amalimba, mapointi n'kumanenepa. Ukalakwa amakulanda. M'kabokosi kena mumabisala funso limene umayamba wanena zomwe ukubetcha. Ndiye kumapeto kuli funso limodzi la onse atatu. Amakuuza mutu wake wokha, kaya ndi mitsinje, kaya mafumu akale, iwe n'kulemba zomwe ukubetcha funsolo usanalimve.

"Imeneyi ndi ndagi basi," ndinatero. "Kwathu ukalephera ndagi unkapereka ng'ombe. Zapakamwa chabe, khola unalibe."

"Nanga ife tipereke chiyani?"

Anatsitsa botolo la nandolo wouma pashelefu, n'kuliika patebulo. Kenako anaima kaye.

"Chipembedzo chathu chimaletsa njuga," anatero.

"Chathunso chimaletsa."

Tinaliyang'ana botolo lija tonse awiri.

"Koma nandolo akabwerera m'botolo, imeneyo si njuga," anatero iwo.

"Tikungosankha ndiwo," ndinavomera.

Aliyense ankatapa nandolo wodzaza dzanja n'kusankha munthu wake pakanema. Wako akakhoza funso la pamwamba unkatenga tinjere tochepa m'botolo, akakhoza la m'munsi unkatapa zambiri, akalakwa unkabweza. Pa funso lomaliza aliyense ankabetcha za pamulu wake. Achemwali aja ankakankha mulu wonse, tsiku lililonse, osaphethira. Ine ndinkagawa pawiri, theka n'kulibisa pansi pa sosala.

"Mumabetcha ngati mukuopa njala ya chaka chamawa," ankandiseka.

"Njala ndinaiona ine. Mbewu sadya."

"Ife tinasunga, achemwali. Sitolo yodzaza mpaka kudenga. Tsiku lochoka ku Limbe tinakwera ndege ndi masutikesi okha. Kusunga kunatithandiza chiyani?"

Chodabwitsa n'chakuti nzeru za kabetchedwe ankazidziwa bwino. Ankaunjika milu iwiri patebulo kundiphunzitsa. Wotsogola, ankatero, asamabetche zonse. Ayang'ane mulu wa womutsatira, auwirikize m'mutu, abetche zongokwanira kuupitirira ndi kanjere kamodzi. Wachiwiri naye asathamange, chifukwa iye sapambana pokhapokha wotsogola agwe, ndiye abetche pang'ono n'kudikira. Akamaliza kufotokoza zonsezo, nyimbo ya funso lomaliza ikalira, ankakankha mulu wonse ngati kale.

"Nanga zomwe mumandiphunzitsa zija?"

"Zimenezo ndi za anthu ofuna kupambana. Ine ndimafuna mtima uzigunda."

Tsiku lina funso la pamwamba penipeni, lofewetsetsa, linali la chakudya china chotsekemera chimene ana a kuno amadya kusukulu. Onse atatu pakanema analimbirana kuyankha. Ife awiri tinangoyang'anana. Tsiku lomwelo funso la m'munsi, la mapointi onenepa, linafunsa likulu la dziko lathu. Atatu aja anangoti duu, osayesa n'komwe. Ife tinakuwa yankho mpaka nandolo anamwazika pansi. Tinaseka kwambiri. Koma ndikutola njere zija pakapeti, ndinaliganiziranso funso lija. Kwathu anakuika m'munsi mwa bolodi, pamodzi ndi zinthu zovuta zimene palibe akuzidziwa.

M'nyengo yoyoyoka masamba anayamba mpikisano waukulu, woitana okhaokha amene anapambanapo kale kuti achotsane mpaka atsale atatu. Apo ngakhale mafunso a pamwamba analimba. Achemwali ankayamba kumasulira, n'kusiyira panjira. "Ili lapitirira Chingerezi changa," ankatero. Ine ndinasankha mayi wina wa imvi, wovala juzi yotuwa. Ankayambira pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtsuko potsetsereka, ndipo pobetcha ankangotsina. Iwo anasankha mnyamata wa ndevu amene ankalumphira m'munsi kusaka funso lobisika anzake asanalipeze, akalipeza n'kubetcha zonse. Onse awiri anapitirira mpaka kufika mu fainolo.

Sabata yomweyo achemwali anagwa pamasitepe. Sanathyoke, koma mwana wawo wamwamuna anati basi, zakwana, akawasunga kwake ku Oadby kumene kuli chipinda chapansi. Anabwera ndi galimoto, katundu analowa m'makatoni. Ine ndinaima pakhomo manja ali m'khwapa. Iwo ananditsanulira theka la nandolo uja m'kapepala ka pulasitiki.

"Fainolo ndi Lachisanu," anatero. "Sindionera ndekha. Kumeneko mpongozi wanga amaonera zophikaphika."

"Ndikafika bwanji ine?"

"Mutsike msewu uwu mpaka msewu waukulu. Basi ikabwera muuze dalaivala kuti Oadby. Mukadutsa bwalo la mahatchi muona sitolo yaikulu, mutsike. Mulowe msewu wa kumanzere. Nyumba ya chitseko chobiriwira, pakhomo pali mtengo. Mukasokonezeka mufunse."

Madzulo ake ndinauza mwana wanga.

"Amama, Lachisanu ndili pa shifiti. Ndidzakuperekezani Lamlungu."

"Lamlungu mpikisano udzakhala utatha."

"Ndi kanema chabe, amama. Tidzakuikirani pafoni muonere."

"Ndionere ndi ndani?"

Anangoti, "Simunakwerepo basi nokha kuno. Mukasochera mudzafunsa m'chilankhulo chanji? Ndikakupezani kuti ine?" Sankanena mwamwano. Anali atatopa, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

Masiku otsatira khoma silinagogode. Ndinkatsegula kanema wathu, anthu atatu aja akutsegula pakamwa, ine osamva kanthu. Ndinkaika nandolo patebulo koma osadziwa ngati nditape kapena ndibweze.

Lachisanu masana ndinavala chijasi pamwamba pa chitenje, nandolo m'thumba. Foni ndinaisiya dala patebulo, chifukwa mwana wanga akanaimba n'kumva phokoso la basi, ndikanabwerera. Ndinatsika msewu uja. Basi yoyamba dalaivala anapukusa mutu. Yachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anagwedeza, ndinamutambasulira chikhatho cha makobidi, anasankha yekha. Ndinakhala pazenera. Bwalo la mahatchi ndinaliona, sitolo yaikulu ndinaiona, ndinatsika. Mumtima ndinati, kani ndi zophweka chonchi, funso la pamwamba ili.

Ndinalowa kumanzere. Msewu uja unabala misewu ina, yokhotakhota, ndipo nyumba iliyonse inali ndi mtengo pakhomo. Zitseko zobiriwira ndinaona zingapo. Chimodzi ndinagogoda, kunauwa galu. Ndinati palibe kanthu, ndifunsa. Apo ndi pamene ndinalakwitsa mawerengedwe anga. Kwathu njira ili pakamwa, sungayende mtunda osakumana ndi wosenza nkhuni kapena wokhala pakhonde. Ngakhale ku Spinney Hill anthu amadzaza m'misewu. Ku Oadby munthu sayenda pansi. Amatuluka m'nyumba kulowa m'galimoto, kutuluka m'galimoto kulowa m'nyumba. Wofunsa analipo, wofunsidwa panalibe.

Nyengo imeneyo mdima umabwera anthu asanaweruke. Magetsi a mumsewu anayaka, kamvula kowaza kanayamba. Maondo anayamba kundiuza zaka zanga. Ndiye ndikudutsa nyumba ina, makatani ake anali osatseka, ndinaona kuwala kuja ndimakudziwa. Kanema wamkulu pakhoma, bolodi lija, anthu atatu aja. Bambo wina wachizungu atakhala pampando atandifulatira, kapu m'manja. Ndinaima panja pa mpanda wa maluwa.

Timabokosi tinali titatha. Linali funso lomaliza. Mayi wanga wa juzi yotuwa anawerama akulemba. Mawu sindinkamva, manambala sindiwerenga, ndinkangoona nkhope. Ndinapisa dzanja m'thumba n'kufumbata nandolo yense, osagawa. Anaonetsa mnyamata wa ndevu, anali ataluma mlomo. Anaonetsa mnzawo winayo. Kenako mayi uja. Anayang'ana zimene analemba, anagwira pachifuwa, n'kuseka, kuseka kwenikweni kogwetsa mutu chagada. Sindinamuonepo akuseka chiyambire mpikisano. Ndinati wapambana. Pomwepo bambo uja anadzuka, anandiona kapena sanandione sindikudziwa, n'kutseka makatani.

Ndinakhala pakakhoma kafupi m'mbali mwa msewu. Sindinalire, kunkazizira kwambiri. Patapita nthawi galimoto ina inadutsa, inaima, n'kubwerera chambuyo. Anali mwana wa achemwali akuchokera kuntchito. Anazindikira chitenje chotulukira pansi pa chijasi. Chichewa chake chonse chinali mawu awiri, ndipo anawagwiritsa ntchito: "Agogo, bwanji?" Nyumba yawo inali kuseri kwa msewu womwewo. Chitseko chinali chobiriwira ndithu, koma mumdima zonse n'zakuda.

Ndinawapeza atakhala pampando waukulu, bulangete m'miyendo, milu iwiri ya nandolo patebulo. Wanga anali atanditapira.

"Mwachedwa, achemwali."

"Ndaonera pazenera la eni ake. Mayi wanga wapambana, eti?"

"Wapambana chiyani? Pofika funso lomaliza anali wachiwiri. Akanangotsina pang'ono monga mwa masiku onse, chikho chikanakhala chake, chifukwa funsolo lawagwetsa onse atatu. Koma lero wakankha mulu wonse. Watsala wopanda kanthu."

"Nanga amaseka chiyani?"

"Mukamufunse. Wanga wa ndevu uja anali kumbuyo kwa onse, koma ndi amene lero wachita mantha, wabetcha tochepa, watenga chikho. Wandichititsa manyazi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu konyowa mpaka kunsapato.

"Inuyo mwasiya zingati pansi pa sosala lero?"

Ndinatulutsa kapepala kaja m'thumba n'kukhuthulira patebulo. Anaseka mpaka kutsokomola. Mpongozi wawo anabweretsa tiyi wa tsabola ndi masamusa. Tinacheza pang'ono chabe, tiyi asanazizire n'komwe mwana wawo anali atagwira kale makiyi, chifukwa anali ataimbira mwana wanga, amene anali atathawa ku shifiti n'kumazungulira misewu ya ku Spinney Hill akundifuna. Potuluka achemwali anasesera nandolo yense m'kapepala kanga, wawo ndi wanga yemwe.

Mwana wanga sanandikalipire. Anandivula chijasi ngati mwana, n'kukhala pamasitepe nkhope ili m'manja. Ndinamulonjeza kuti sindidzakweranso basi ndekha, ndipo sindinakwerenso. Anandiperekezako ku Oadby Lamlungu lina, koma Lamlungu mpikisano kulibe, nyumba inadzaza alendo, tinangogwirana manja.

Mayi wa juzi yotuwa sindinamuonenso pakanema. Wa ndevu amabwera nthawi zina, ndevu zake zayamba imvi. Zidzukulu zanga zili ku yunivesite, wina ku Nottingham, amaimba foni pa Khirisimasi. Mwana wanga akadali pa mashifiti. Mwana wa achemwali anagulitsa nyumba ya kuseri kwa khoma, muli anyamata a lendi amene amangoliza nyimbo. Achemwali anamwalira m'mwezi wawo wosala kudya. Asilamu sagoneka maliro, ndiye uthenga unandipeza ataikidwa kale. Nandolo uja ndinadzala kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa mpanda. Anamera, anafika m'bondo, chisanu chinabwera n'kumupsereza asanachite maluwa. Ndinadzala yense, sindinasiyeko wa mbewu. Ine ndilipo. Dzuwa likapendeka ndimatsegula kanema, ndimasankha munthu wanga, ndipo akaseka sindidziwa ngati wapambana.